Mwana akatentha thupi 1 koloko usiku mufunse ndani: Google, gulupu ya WhatsApp, ChatGPT kapena 54747 ya Chipatala Cha Pa Foni?

Chaka chatha mu February, mvula ili pakati, kamwana kathu kachiwiri kanadzuka cha m'ma 1 koloko usiku thupi lili ngati mbaula. Magetsi kunalibe, mayi ake akumupukuta ndi kansalu konyowa uku akundiyang'ana ngati ndine ndabweretsa matendawo, ine ndili pamkeka ndi foni, batire yatsala 14%. Ndinalemba pa Google zomwe ndimaona m'Chingerezi changa cha Fomu 4, "child fever headache vomiting". Zomwe zinabwera zinali zolembedwa bwino ndithu, masamba a zipatala zikuluzikulu za ku America ndi ku UK, onse akuti mwina ndi chimfine kapena kavairasi ka m'mimba, mpatseni madzi ambiri apume, thupi likapitirira 100.4 muimbire dokotala wa banja lanu. Dokotala wa banja lathu ndani? Ndipo 100.4 imeneyo ndi kawerengedwe ka kwawo, ife kuno timati 38. Ndinatsala pang'ono kunena kuti tiyeni tigone tiona mawa. Mayi ake anangoti "inu bambo siyani foniyo, awa ndi malungo, kadzutseni wakabaza". Kuchipatala anamubaya kachala, titadikira pang'ono mizere iwiri inaoneka, malungo, anamupatsa LA.

Wolakwa ndinali ine. Sindinalembe kuti ndili ku Malawi, sindinalembe kuti ndi nthawi ya udzudzu, ndiye makina anangoyankha funso lomwe ndinafunsa ngati ndili ku Texas. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyesa njira zosiyanasiyana zomwe tonsefe timathamangira tikadwala, ndipo ndimaziyeza ndi zinthu zochepa chabe: zimadya bandulo yochuluka bwanji, zimamva Chichewa kapena ayi, zimadziwa matenda ndi mankhwala a kuno, komanso chachikulu, kodi zimakufunsanso mafunso kapena zimangokuthira mayankho.

Tiyambe ndi Google poti ndi amene ali kale pafoni iliyonse ya Android, Itel kaya Tecno. Iwowo ananena okha mu 2015 kuti pa zinthu 20 zilizonse zomwe anthu amasaka, chimodzi chimakhala cha zaumoyo, ndipo chaka chomwecho anayamba kuika timabokosi tofotokoza matenda tomwe madokotala, kuphatikizapo a Mayo Clinic, amationa kaye. Ndiye musaganize kuti ndi zachibwana zonse. Mukalemba dzina la matenda lenileni, tinene asthma kapena bilharzia kapena cholera, masamba oyamba nthawi zambiri amakhala abwino, a WHO, a NHS ya ku UK, a CDC ya ku America. Mukalemba dzina la mankhwala, chimodzimodzi. Apa Google ndi katswiri ndipo sinditsutsa.

Vuto limayamba mukakhala kuti dzina la matendawo simukulidziwa, muli ndi zizindikiro zokha, mutu, chizungulire, kuphwanya m'thupi. Mu 2006 madokotala awiri a ku Australia anayesa zimenezi n'kulemba mu magazini ya zachipatala ya BMJ. Anatenga nkhani za odwala 26, n'kumalemba zizindikiro zawo pa Google, ndipo anapeza matenda olondola pa 15. Anthu ena amaitchula nkhaniyi ngati umboni woti Google ndi dokotala, koma taonani, amene amasakawo anali madokotala, odziwa mawu oti alembe komanso odziwa kutaya zinyalala pa zomwe zabwera, ndipo anaphonyabe 11. Nanga ine ndi inu? Mu 2015 ofufuza a ku Harvard anayesanso mapulogalamu 23 aja umalowetsamo zizindikiro n'kukuuza chomwe ukudwala, ndipo yankho loyamba linali lolondola ka 34 pa 100 iliyonse. Katatu kalikonse, kawiri akuphonya. Minibasi yotere simungakwere.

Palinso china choseketsa koma chozunza. Ukalemba za mutu wamba, sipatenga nthawi usanafike pa tsamba la chotupa cha mu ubongo. Ofufuza a ku Microsoft analembapo za zimenezi mu 2008, amazitcha cyberchondria, kudwala mantha chifukwa chosaka. Chifukwa chake n'chosavuta, pa intaneti anthu amalemba kwambiri za matenda oopsa osowa kusiyana ndi za mutu wobwera chifukwa chosamwa madzi tsiku lonse uli pamzere wa mafuta. Ndiye makinawa amalakwa mbali zonse ziwiri, amakuopseza ndi khansa pomwe uli ndi njala chabe, n'kukugonetsa ndi chimfine pomwe uli ndi malungo.

Za Chichewa ndiye musavutike kwenikweni. Lembani "liwombo lalowa" muone ngati mupeze chothandiza, chonsecho mwana wolowa liwombo, makamaka akutsegula m'mimba kapena kusanza, nthawi zambiri madzi amuthera m'thupi ndipo akufunika Thanzi ndi chipatala msanga, osati zomata pamutu. Lembani mauka, tsempho, kanyera, mupeza mwina nkhani ya m'nyuzi kapena positi ya asing'anga ili ndi nambala ya foni m'munsi. Google Translate inalandira Chichewa mu December 2014 ndipo yapita patsogolo ndithu, koma mawu a matenda athu ndi oterera. Liwu loti malungo lokha, agogo akati "ndili ndi malungo" mwina akunena malaria, mwina akungonena kuti thupi latentha ndipo likuphwanya. Nyamakazi imanyamula matenda angapo omwe kuchipatala ali ndi mayina osiyana. Wikipedia ya Chichewa ilipo koma ndi kamunda kakang'ono kwambiri, sikangakudyetseni. Ndiye amene sadziwa Chingerezi, ndipo ndi ambiri, njira iyi yawatsekera pakhomo pomwe.

Mankhwalanso amasiyana mayina ndi malamulo. Amene ife timati Panado kapena paracetamol, masamba a ku America amati acetaminophen kapena Tylenol, ndi mankhwala amodzi, ndipo munthu wosadziwa atha kumwa onse awiri akuganiza kuti ndi osiyana, chiwindi n'kuvulala. Pa malungo mupezabe masamba otchula chloroquine chifukwa m'maiko ena akugwirabe ntchito, pomwe kuno tinamusiya mu 1993, tinali oyamba mu Africa kusinthira ku Fansidar, kenako mu 2007 tinapita ku LA. Tsamba likhoza kunena zoona zokhazokha koma zoona za kwina.

Ndiye pali zamalonda. Zomwe zimakhala pamwamba penipeni zolembedwa kuti Sponsored, munthu walipira kuti zikhale pamenepo, si kuti ndi zabwino kuposa zinzake. Nkhani yomwe imandikhudza pa izi ndi ya ku China. Mu April 2016 mnyamata wa pa yunivesite wa zaka 21, Wei Zexi, anamwalira ndi khansa yosowa atawononga ndalama zambiri za makolo ake pa chithandizo chosatsimikizika cha chipatala chomwe anachipeza pamwamba pa Baidu, makina osakira a kumeneko. Asanamwalire analemba zonse pa intaneti, dziko linakwiya, boma linalamula Baidu kusintha kaikidwe ka zotsatsa zachipatala. Mnyamatayo sanali mbuli, anangokhulupirira kuti chomwe chili pamwamba ndiye chabwino, ngati momwe tonsefe timachitira chala chikakhala chikuthamanga.

Masiku ano Google amaikanso kayankho kachidule pamwamba kolembedwa ndi AI. Atangokayamba mu May 2024 kanachititsa manyazi, kanauza anthu kuti athire guluu pa pizza kuti tchizi isagwe, kenanso kuti kudya kamwala kamodzi patsiku n'kwabwino, poti kanatola nthabwala pa intaneti n'kuziyesa zenizeni. Anakonza zambiri, koma ine pa nkhani ya thupi ndimakadumpha n'kutsegula tsamba lenilenilo kuti ndione walemba ndani komanso liti.

Bing, Yahoo, DuckDuckGo sinditayapo nthawi, zomwe amabweretsa sizisiyana kwambiri, ndipo DuckDuckGo zambiri amatenga kwa Bing komweko. Ubwino wake umodzi ndi woti sasunga mbiri ya zomwe wasaka. Izi si zazing'ono m'nyumba zomwe foni imodzi imagwiridwa ndi anthu asanu. Munthu wasaka za chinzonono usiku, m'mawa mwana watenga foni kuti aonere makatuni, walemba "ch" basi zonse zatulukira. Gwiritsani incognito abale.

Tsopano gulupu ya WhatsApp ndi Facebook, komwe kunena zoona ndi kumene Amalawi ambiri amapeza "uphungu" wa zaumoyo, chifukwa bandulo ya WhatsApp ndi yotchipa kuposa ya intaneti yonse ndipo kumeneko anthu amayankha m'Chichewa, mwachangu, mwachikondi. Pa liwiro palibe angawapose. Lembani mu gulupu ya banja kuti mwana akutsokomola, mphindi ziwiri simunathe mwalandira mayankho 9, azakhali akuti nimu, achimwene a ku Joni akuti adyo ndi jinja ndi ndimu, wina watumiza VN ya mphindi 7 ya munthu wodzitcha dokotala yemwe palibe akumudziwa, wina akuti pali Amoxyl anatsala kwa mwana wake mubwere mudzatenge. Onse akufuna kukuthandizani, ndipo apa m'pamene pali poterera, chifukwa kukana malangizo a azakhali ndi mlandu pomwe kutseka tsamba la Google palibe amakwiya.

Tinaziona nthawi ya Covid, kufukiza ndi masamba a bulugama, ndimu kukwera mtengo pamsika, uthenga woti katemera ndi 666. Ku Madagascar pulezidenti wa nthawiyo Andry Rajoelina anatulutsa chakumwa chija cha Covid-Organics mu April 2020 chisanayesedwe mokwanira, mavidiyo ake anazungulira magulupu athu onse. Mwezi womwewo WhatsApp anachita kuika malire kuti uthenga womwe wafowadidwa kambirimbiri uzitumizidwa kumalo amodzi okha pa nthawi. Mukaona timivi tiwiri tija pamwamba pa uthenga, dziwani kuti wakutumiziraniyo nayenso sakudziwa kumene unachokera.

Koma ndisanamize, pali chimodzi chomwe magulupu amaposa Google kutalitali, nkhani za pompano ndi pompa. Famase iti ili ndi insulin lero, kiliniki ya shuga imakhala tsiku liti, sikelo ya ana yasunthidwira kuti, ambulansi ya m'dera lathu nambala yake ndi iti. Izi Google sadziwa ndipo mwina sadzadziwa. Nthawi ya kolera ija inayamba mu March 2022 n'kutenga miyoyo yoposa 1,700, mauthenga a Unduna wa Zaumoyo ambiri tinkawaonera pa Facebook ndi m'magulupu momwemo. Ndiye gulupu ifunseni kuti "kuti" ndi "liti". Musaifunse kuti "ndikudwala chiyani" kapena "ndimwe chiyani".

YouTube ndi TikTok zimadya bandulo ngati njuchi pa shuga, ndipo kumeneko amene amawina ndi wolankhula mokoma, osati wolondola. Kuvala gauni yoyera ndi kukoleka kachipangizo kopimira pakhosi aliyense angathe. Zimathandiza pa zinthu zofuna kuona ndi maso, kagwiritsidwe ka inhela ya mphumu, kayamwitsidwe ka mwana wakhanda, kabayidwe ka insulin, bola vidiyoyo ikhale ya chipatala kapena bungwe lodziwika. Aliyense amene akuti mankhwala amodzi amachiza shuga, BP, khansa ndi kusabereka, kenako "inbox for price", mukudziwa kale.

ChatGPT ndi anzake, Gemini, ndi Meta AI uja wangolowa yekha mu WhatsApp. Awa ndi atsopano, ChatGPT anatuluka pa 30 November 2022, koma achinyamata ambiri asiya kale kusaka, amangofunsa. Ndipo ndikumvetsa chifukwa chake. Utha kulemba nkhani yako yonse, zaka za mwana, kuti uli ku Salima, kuti kwagwa mvula, ndipo yankho limabwera logwirizana ndi zomwe wanena, nthawi zina amakufunsanso mafunso, chinthu chomwe makina osakira wamba sachita. Ukawapatsa mawu ovuta a pa pepala la ku labu amawamasulira bwino m'Chingerezi chophweka. Chichewa amayesa, china chimamveka, china chimakhala ngati cha mzungu wa mishoni amene wangotha miyezi itatu m'dziko muno.

Choopsa chawo ndi kulimba mtima. Akalondola ndi akalakwa mawu amakhala amodzimodzi, odekha, aulemu, opanda chibwibwi. Pa Google umaona kuti tsamba ili ndi la NHS, ili ndi la wogulitsa zitsamba, umasankha. Apa zonse zaphikidwa mumphika umodzi, sudziwa kuti nyemba zachokera munda uti. Mu 2025 madokotala ku America analemba za bambo wa zaka 60 yemwe ankafuna kusiya mchere, anakambirana ndi ChatGPT, n'kuyamba kuthira sodium bromide m'zakudya m'malo mwa mchere kwa miyezi itatu, anathera m'chipatala mutu utasokonekera akuganiza kuti neba wake akumuthira poizoni. Ndiye ine ndimawagwiritsa ntchito ngati mnzanga wowerenga kwambiri koma wosapitako ku sukulu ya udokotala. Kundifotokozera, eya. Mlingo wa mankhwala a mwana, ayi ndithu.

Njira ina yomwe anthu saiganizira ndi kulumpha kusaka n'kupita molunjika ku tsamba lodalirika. Ine ndimakonda la NHS chifukwa Chingerezi chake n'chosavuta, mulibe zotsatsa, limatseguka msanga ngakhale netiweki ili ya kumudzi, ndipo pa matenda alionse amakuuza poyera kuti izi dikira kunyumba, izi pita lero, izi thamanga pompano. M'munsi amalembanso tsiku lomwe analiunikanso. La WHO ndi labwino pa matenda a kuno ngati malungo, kolera, likodzo ndi TB koma limalankhula ngati lipoti la msonkhano. Kachinyengo kake n'kosavuta, polemba pa Google onjezerani NHS kapena WHO kumapeto, ndipo ngati ndi zizindikiro onjezerani Malawi. Ndinabwereza funso langa lija la usiku nditaonjezera liwu limodzi lokhalo, malaria inabwera pamwamba.

Kenako pali iyi yomwe si intaneti n'komwe koma pa mndandanda wanga ili pamwamba, Chipatala Cha Pa Foni. Inayamba mu 2011 ku Balaka ndi bungwe la VillageReach, poyamba inali ya amayi oyembekezera ndi ana, kenako inakula kufika dziko lonse ndi nkhani zonse zaumoyo, ndipo pano ili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Pa Airtel mumaimba 54747 ulere. Sifuna bandulo, sifuna foni yotachi, kafoni ka mabatani kakwana, ndipo mbali inayo kuli munthu wophunzira zaumoyo wolankhula Chichewa amene ukati liwombo lalowa sakufunsa kuti liwombo n'chiyani. Amakufunsa mafunso, mwana ali ndi miyezi ingati, akuyamwa, wakodza liti. Sangakuyeze magazi pafoni, ndipo nthawi zambiri mathero ake amakuuza kuti pitani kuchipatala, ena amakhumudwa nazo, koma kudziwa kuti izi n'zodikira m'mawa kapena n'zodzutsa wakabaza ndi funso lenileni lomwe munthu amakhala nalo 1 koloko usiku. Kumudzi alangizi a zaumoyo, ma HSA aja, ndi chimodzimodzi, ambiri ali ndi kakiliniki ka ana osapitirira zaka 5 ndipo zoyezera malungo amakhala nazo.

Pali zinthu zomwe simufunika kufunsa aliyense mwa onsewa. Mwana akukomoka kapena kugwidwa linjirinjiri, akukanika kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wafooka osadzuka bwino, akupuma movutika nthiti zikulowa m'kati. Mayi woyembekezera akutaya magazi, kapena mutu ukumupweteka kwambiri maso akuchita chidima. Wamkulu kamwa yapotoka mwadzidzidzi, mkono wafooka, mawu sakumveka. Kutsegula m'mimba kwa madzi ngati otsukira mpunga. Apa foni ntchito yake ndi kuitana transipoti ndi kuwalitsa njira basi. Ngati ndi kutsegula m'mimba ndipo Thanzi mulibe, lita imodzi ya madzi abwino, masupuni ang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, azimwa muli panjira.

Pomwe Google wandithandiza zenizeni ndi pambuyo pa chipatala, osati patsogolo pake. Amayi anga ali ndi BP. Tsiku la kiliniki pamakhala anthu ngati pamsika, adokotala alibe nthawi yofotokoza zambiri, amalemba m'kabuku ka kuchipatala kaja ndi zilembo zokhala ngati nkhuku yapalasa, amayi n'kubwera ndi timapepala ta mapilisi. Patapita milungu ingapo anayamba kutupa mapazi, ndipo kumudzi nkhani inali itayamba kale kuti awaponda, wina wawatchera. Mlongo wanga ananditumizira chithunzi cha kapepala ka mankhwala, ndinawerenga movutika, amlodipine. Nditalemba dzinalo ndi NHS kumapeto, pa zotsatira zodziwika za mankhwalawo panali kutupa akakolo, poyera. Sitinawasiyitse mankhwala, tsamba lomwelo linati osasiya wekha. Ndinawaimbira ndikuti "amayi, Lachinayi mukapita mukawauze adokotala kuti mapazi anayamba kutupa mutayamba timapilisi tating'ono toyerato, musakachite manyazi". Anakanena, anawayeza, anawasinthira.

Chimodzimodzi mnzanga wina atayamba mankhwala a TB anaona mkodzo wasanduka wofiirira ngati Fanta, mtima unali m'mwamba, kusaka kamodzi kokha anapeza kuti ndi rifampicin amatero ndipo si magazi. Flagyl ndi mowa sizigwirizana, LA amafuna umwe utadya kachakudya ka mafuta kapena mkaka ndipo umalize maulendo onse 6 m'masiku atatu ngakhale wapeza bwino tsiku lachiwiri, metformin umwe ndi chakudya kuti m'mimba musavute. Zonsezi zili pa intaneti, zolondola, zaulere kupatula bandulo, ndipo zimapezeka chifukwa uli ndi dzina lenileni loti ulembe.

Ndiye pafoni panga pano zili chonchi. 54747 ndinaisunga ndi dzina loyamba ndi A kuti izikhala pamwamba. Tsamba la NHS ndinaliika pa sikirini pafupi ndi Airtel Money. Gulupu ya banja ndinaiika pa mute, ndimaitsegula ndikafuna kudziwa kuti famase yotsegula Lamulungu ili pati. Ndinagulanso kachoyezera kutentha thupi ka batire, kamakhala m'kabati pamodzi ndi mapaketi awiri a Thanzi ndi makabuku a kuchipatala a ana, ndipo nambala ya wakabaza uja mayi a ana anailemba ndi makala kuseri kwa chitseko poti akuti foni yanga imakhala yothima nthawi zonse.